Mbuzi Yochokera kwa Akuchikazi Akale

Ndikuyeseni nzeru inu mukuwerenganu. Tambala wanga ndinamutulutsa m'khola kalekale, koma ndimamuponyerabe madeya kuseri kwa mpanda. Ndikaleka, boma lindigwira. N'chiyani? Mwalephera, musavutike. Yankho lake lili ndi miyendo iwiri, limavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, ndipo linatsika minibasi pa Mponela mvula isanayambe. Dzina lake Blessed.

Blessed ndi wa mudzi woyandikana nafe kuno kwa Dzoole. Anakwatira Rakele, namwino wa ku Malomo, awiriwo n'kupita ku Amereka. Patapita zaka tinamva kuti banja latha. Kenako uyu watulukira yekha, akununkhira ngati sitolo ya sopo, maso ali pa Luckness, mwana wa mlongo wanga Yosefe.

Luckness ndi mphunzitsi wa pulayimale. Ntchito imeneyo anaidikira mpaka mawondo athu anachita zikang'a ndi mapemphero, ndipo ndi imene imagwira nyumba ya Yosefe fodya akavuta. Tsono Blessed anamuuza kuti aitule pansi sukulu zisanatsekere, eti mkazi wa munthu wa ku Amereka sagwira choko. Mwana anavomera. Ntchito ya boma ukaitaya siimabwerera, koma nenani zimenezo kwa munthu amene walonjezedwa ndege.

Madzulo alionse Blessed ankakhala pakhonde pa Yosefe, mwendo pamwamba pa unzake.

"Kunja kuja, bambo, munthu salowa ngati mumsika," ankatero. "Wina amalumbira kuboma kuti uyu ndamubweretsa ndine, akasowa chakudya mufunse ine. Lumbiro limenelo silitha ngakhale banja lithe. Ine mpaka lero ndikudyetsa Rakele. Luckness ndimulumbiriranso chimodzimodzi."

Yosefe ankangogwedeza mutu ngati gulo pamtengo.

"Kodi bambo a ku Amereka," ndinafunsa ine, "kumeneko mumagwira ntchito yanji?"

"Zamabizinesi, azakhali. Simungazimve."

"Ee, ine ndine mbuli. Koma bizinesiyo yatsala ndi ndani?"

"Imayenda yokha."

Chinthu choyenda chokha chimene ndimachidziwa ine ndi mtsinje. Ndinayamba kumuyang'ana bwino munthuyu. Malemu amuna anga ankalipirira mwana wa mchemwali wawo sukulu, ndipo mwezi ukamatha nkhope yawo inkawawa ngati masamba a futsa. Munthu wotumiza ndalama amakwiya kumapeto kwa mwezi. Blessed ayi. Pakati pa mwezi ankayenda wapansi, akuti akulimbitsa thupi, foni yake ilibe mayunitsi. Mwezi ukatha ankathamangira ku Mponela n'kubwerako panjinga yamoto, atanyamula Fanta wa mudzi wonse.

Ndinamuuza Luckness tikusenda mbatata.

"Azakhali, inu mumakayikira ngakhale dzira," anatero.

"Dzira ndimayamba ndaligwedeza kukhutu, mwana wanga. Ntchitoyo wakatula kale?"

"Ndikatula Lolemba."

Loweruka lake abale a mbali zonse ziwiri anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa Yosefe kuti ayambe zokambirana za chinkhoswe. Tili mkati, tinamva mbuzi ikulira kumsewu. Anafika bambo wina wachikulire, fumbi mpaka m'nsidze, akukankha njinga, mbuzi yonenepa itamangidwa pakaliyala. Blessed atangomuona anatsitsa mwendo uja.

"Ndine Enoki, malume ake a Rakele," anatero mlendoyo atapuma. "Tamva nkhani yabwino, ndiye abale andituma. Mbuziyi ndi yothandizira phwando. Komanso nyumba ya mkamwini wanuyu ikafika padenga, malata tigula ndife."

Amayi anayamba kunong'onezana kuti taonani mmene Blessed amakondedwera, ngakhale kumene anasiyako. Yosefe anaomba m'manja kuthokoza. Ine sindinaombe nawo. Chibadwire changa sindinaonepo akuchikazi akale akukwera mapiri a Ntchisi ndi mbuzi kudzasangalalira mkazi wolowa m'malo mwa mwana wawo. Amene ndikuwadziwa ine amabwera kudzatenga mbale ndi mtondo.

Ndinasendera pafupi ndi mlendoyo, ndikudzichepetsa ngati mkazi wa abusa.

"A Enoki, mwachita bwino. Koma malatawo afolera chiyani? Kapena ndege imadontha?"

"Ndege yanji, mayi?"

"Anawa sakukhala kuno. Blessed akubwerera mwezi wamawa, Luckness atsatira."

A Enoki anayang'ana Blessed, anayang'ana Yosefe, kenako anayang'ana mbuzi.

"Sakumanga pano? Ife timati poti wakwatira mwana wa kumudzi, alowa chikamwini monga mwa mwambo, apatsidwa munda, akhazikike."

"Akhazikike chifukwa chiyani?"

A Enoki anadzuka n'kuyamba kumangitsa chingwe chimene anali atamasula kale.

"Mbuzi ikupita kuti, achimwene?" anafunsa Yosefe.

"Kwawo." Anakoka mfundo ndi mano. "Inu simukudziwa? Amene anapita koyamba ndi Rakele. Anagwira ntchito, anapeza mapepala, n'kuitana mwamuna wake. Wolumbira kuboma ndi Rakele. Banja litatha, bamboyu anapita kukhoti kukanena kuti sali pantchito, khoti n'kulamula kuti lumbiro likadalipo. Mwana wathu akugwira usiku m'chipatala kudyetsa munthu amene anasiyana naye. Anatiuza kuti chingamumasule msanga n'chakuti bamboyu agwire ntchito zaka zambiri, kapena abwerere kwawo kotheratu. Za ntchitozo tinataya mtima. Ndiye titamva za chikwati ichi, tinapita kutchalitchi kukathokoza."

Luckness anali atagwira pakamwa.

Blessed anaseka, kuseka kouma. "Agogowa asokoneza. Nkhani zachizungu zimavuta, atembenuza mayina. Wolumbira ndine."

"N'zotheka," ndinatero. "Ife okalamba timasokoneza. A Enoki, foni muli nayo? Muimbireni Rakele tonse timve. Blessed amuuze yekha kuti mwezi uno chakudya chichedwa pang'ono, chifukwa wodyetsa ali ndi chinkhoswe."

"Kumeneko kukadali m'mawa, akugona," anatero Blessed mofulumira.

"Ndi nthawi imene amaweruka," anayankha a Enoki, chala chili kale pafoni.

Inaitana, inaitananso. Kenako mawu otopa anamveka pabwalo ponse.

"Malume, mwafika bwino? Avomera kumusunga?"

"Ali pano, mwana wanga. Akuti ali ndi mawu."

A Enoki anamuika foni pakamwa. Blessed anatembenuzira nkhope kumbali.

"Blessed, ngati ndi za ndalama za mwezi uno, ndatumiza Lachinayi," anatero Rakele. "Usandivutitse, ndatopa."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Koma pakamwa pozolowera kulandira sipadikira mutu.

"Lachinayi liti? Ine ndapita ku Mponela kawiri konse, sizinafike."

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali mkazi wa Yosefe, kukhitchini. Kenako amayi onse pamphasa anagwerana, wina mpaka mpango kugwa. Abale a Blessed anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Yosefe anayesa kukhala munthu wamkulu koma chinamutulukira m'mphuno.

Luckness sanaseke. Anaimirira n'kukutumula chitenje.

"Ndiye ine mukanakandidyetsa chiyani kumeneko?" anafunsa.

"Usadandaule," ndinayankha ine m'malo mwa Blessed. "Rakele akanangowonjezera ufa."

"Bambo, Lolemba mundidzutse m'mawa," anatero Luckness kwa atate ake. "Ana anga ayamba mayeso."

Blessed ankafufuza njira yodutsira pakati pa miyendo ya anthu. Koma a Enoki anali asanataye mtima. Anasiya njinga, anagwada pamaso pa Luckness, chipewa m'manja.

"Mayi, taganizaninso bwino. Ndi munthu wofatsa, sadya zambiri. Mukamusunga kuno, pambuziyi tiwonjezerapo nkhumba."

Mufoni muja Rakele anali akumvabe. "Ziwiri, malume," anatero.

Anthu anaseka mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.