Mkamwini Sakuwa

Makaniko sanakhazikike kuyambira m'mawa. Magolovesi kuvala, kuvula, kuvalanso. Timu ya kiriketi ya mumsewu wawo inamuika kuti amenye limodzi ndi apongozi ake, a Telala.

A Telalawo zinali zitawathina. Pa kiriketi, womenya akatuluka osapeza rani ngakhale imodzi amati wagwira bakha, ndipo iwo abakha anali atadzaza khola. Kaputeni anali atanena poyera kuti lero likakhalanso bakha, azingosoka mayunifolomu basi.

Omenya awiri amaima mbali ziwiri, aliyense pafupi ndi timitengo take, ndipo rani imapezeka akathamanga n'kusinthana mbali mpira usanagwetse timitengoto. Amamvana ndi mawu ochepa. "Inde!" ndiye thamanga, "Ayi!" khala pomwepo. Mpira ukapita kumbuyo kwa womenya, woitana ndi mnzake wa mbali inayo, poti ndiye akuuona.

"Muzikuwa, achimwene," anatero Kaputeni pomukankhira m'bwalo. "Osati zong'ung'udza zanu zija."

Makaniko anaima pa mzere wake akupondaponda ngati pansi pali linthumbu. Woponya anaponya. A Telala anaukhudza pang'ono, mpira n'kutsetserekera kumbuyo, iwo liwiro osayang'ana n'komwe. Makaniko anaona wotola mpira atauweramira kale. Apa mawu anali amodzi, koma munthu wakupatsa mwana wake ungamukalipire "Ayi!" pagulu?

"Pepani bambo, ndimati kapena mukadayamba mwa..."

Asanamalize, apongozi anali atafika, wefuwefu, onse awiri mbali imodzi.

"Mukuti chiyani, akamwini?"

"Ndimati musabwere, bambo."

"Ndiye mukundiuza ndafika?"

Mpira unali m'malere kupita ku timitengo ta mbali yopanda munthu. Wina anayenera kutuluka, ndipo akanakhala a Telala, poti ndiwo anasiya mbali yawo. Makaniko anadumpha mzere, n'kuwadutsa, n'kuthamangira komweko akudziwa kuti safika. Timitengo tinagwa iye ali pakati.

"Ulemu umenewo mukadyere kunyumba!" anakuwa Kaputeni.

Pa benchi Makaniko sanakhalepo. Anangoyendayenda m'mbali mwa chingwe, bati yomenyera mpira ili m'khwapa. M'malo mwake munalowa Wabutchala, munthu wosadziwa kunong'ona. Atasinthana mbali ndi Wabutchala, a Telala anaukhudzanso mpira kumbuyo, koma ulendo uno anaima ngati chitsa, akuopa.

"Inde! Thamanga, nkhalamba iwe!" anakuwa Wabutchala.

Anathamanga, mimba patsogolo, bati ikukhukhuluza pansi, n'kudutsa mzere. Ataima anamuloza Wabutchala ndi bati, akuyang'ana mkamwini wawo.

"Mwamva, akamwini? Anthu amayankhula choncho!"