Kudontha, Kuchucha, Kutumphuka

Anandipatsa sabata imodzi yondiyesa ntchito. Chipatala chaching'ono cha kudera kwathu chinkafuna womasulira, chifukwa kunali kutabwera mabanja ambiri olankhula Chifalansa, ndipo ine Chifalansa ndinakhoza bwino ku sekondale. Koma kukhoza kwake kunali kwa papepala. Pakamwa, ngakhale m'Chichewa, mawu anga amatuluka ngati akupepesa.

Lachiwiri kunabwera mayi wachitsikana ndi khanda la masabata anayi. Iye ankalankhula atayang'ana pansi, inenso ndinkamasulira nditayang'ana pansi.

"Akuti mwana akusanza, a Sisitala."

"Akusanza bwanji?" anafunsa a Sisitala, namwino wamkulu, osadzutsa mutu pa khadi.

"Akuti mkaka ukutuluka."

"Kutuluka ndamva. Ngakhale thukuta limatuluka. Ukuchucha pachibwano kapena ukutumphuka? Khanda lililonse limabweza mkaka, iwe. Koma likamauponya patali, imeneyo ndi nkhani ina. Afunse."

M'mutu mwanga munali liwu limodzi lokha, sortir, kutuluka. Ndinafunsa nalo kawiri, mayiyo n'kungovomera kawiri konse. A Sisitala anamupima mwanayo, nati abwerenso naye Lachinayi. Mayiyo atatuluka, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kuno zinthu sizingotuluka. Magazi, mafinya, mkodzo, chilichonse chili ndi katulukidwe kake, ndipo katulukidweko ndi kamene kamandiuza matenda. Ukafika Lachisanu ukundibweretserabe 'kutuluka', ndifuna wina."

Nditaweruka ndinakhala pa tebulo la kukhitchini. Dikishonale yanga ya kusukulu ndi ya Chingerezi ndi Chifalansa, choncho liwu lililonse linkakwera mabasi awiri: kuchoka ku Chichewa kukatsikira ku Chingerezi, kenako n'kukwera ina. Pa gush ndinapeza jaillir. Pa spurt ndinapezanso jaillir yemweyo, ndi mnzake gicler. Pa spill panali atatu, renverser, répandre ndi déborder, atangondanda osanena kuti wantchito iti ndani. Ndinaloweza, koma nditangotseka buku onse anasakanikirana.

Ndiye ndinapita pa sinki. Ndinatsegula mpopi pang'ono, madzi akuti tho, tho. "Ça goutte." Ndinawonjezera. "Ça coule." Ndinasiya kapu kuti idzaze mpaka kusefukira. "Ça déborde." Ndinaigunda dala ndi chigongono. Kenako ndinatsekereza kukamwa kwa mpopi ndi chala chachikulu, madzi anathamanga mpaka pawindo.

"Ça gicle!"

Achimwene anga, amene amakonza magalimoto, analowa nthawi yomweyo, ovololo ili bii ndi oilo.

"Amayi, bwerani mudzaone! Madamu Bonzhuu akubatiza khitchini."

"Ndisiyeni, achimwene."

"Nanga oilo akamataika pansi pa injini mumati chiyani kwanuko?"

"Ça fuit."

"Fwii! Chilankhulo cha tayala lobooka ichi."

Amayi anaima pakhomo, anayang'ana pansi ponyowa, nandiponyera chikolopa. "Sukulu yonse ija, mapeto ake kusewera ndi madzi?"

Koma Lachitatu madzulo ndi iwowo amene anagwira jagi. Ankathira mosinthasintha, pena pang'ono, pena mokhuthula, ine ndikutchula. Chifalansa sadziwa ngakhale moni, komabe ndikatchula motsitsa ankasiya kuthira. "Sindinamve. Wodwala ali ndi ululu wake, alibe nthawi yokutcherera khutu. Bwereza." Tinabwereza mpaka siketi yanga inanyowa kutsogolo konse.

Lachinayi mayi uja anabwera m'mawa. Khanda linali litaonda, tsaya litalowa pang'ono. Ndinafunsa mayiyo ngati mkaka ukuchucha kapena ukutumphuka.

"Le lait, ça coule ou ça jaillit?"

Anandiyang'ana, nayang'ana a Sisitala, kenako pansi. "Il vomit," anatero. Akusanza.

Mawu ndinali nawo, ndipo ndinawatchula momveka. Pamene ndinaona milomo yake ikuyesera chamumtima liwu lija jaillit, ndinazindikira: nayenso Chifalansa anachitola m'kalasi ngati ine. Kwawo amalankhula china. A Sisitala anali atayamba kugogoda tebulo ndi cholembera.

Ndinaimirira. Pa thireyi panali jekeseni yatsopano yopanda singano. Ndinaitenga osapempha, n'kuikokera madzi pa sinki. Ndinakankha pang'onopang'ono pamwamba pa dzanja langa, madzi anatsetsereka mpaka pachigongono.

"Ça coule."

Ndinakokanso ena, n'kukankha ndi mphamvu. Madzi anadutsa sinki, nakamenya khoma.

"Ça jaillit."

"Comme ça!" Mayiyo anadzambatuka. "Comme ça, comme ça!" Anaponda mapazi awiri kuchoka pampando kufika pa kabati, kusonyeza pamene mkaka umakagwera. Tsopano ankalankhula mothamanga moti ndinachita kumuimitsa ndi dzanja kuti ndimasulire.

"Akuti chonchi, a Sisitala, ukutumphuka mpaka apo. Akangoyamwa, nthawi iliyonse, kuyambira Lamlungu. Akatero akulirira bere pomwepo. Matewera akunyowa pang'ono."

A Sisitala anasiya cholembera. Anamugoneka mwanayo, namugwiragwira pamimba kwa nthawi, kenako analemba kalata mofulumira n'kuitana dalaivala.

"Aperekeze kugalimoto. Uwauze kuti sitikuwathamangitsa, tikuwatumiza kwa madokotala a ana ku chipatala chachikulu, lero lomwe."

Ndinamuuza zonse panjira, kawiri. Atakwera anandigwira dzanja lonyowa lija.

Nditabwerera ndinapeza a Sisitala akusamba m'manja, atandifulatira.

"Jekeseni zanga si zidole," anatero. "Lolemba ubwere ndi kabotolo kako kamadzi."

Ndinaima chilili. "Lolemba, a Sisitala?"

"Wagontha? Seveni koloko. Tsopano pabenchipo pali bambo wa bala pamwendo. Kafunse ngati likuchucha kapena likungonyowa."

Liwu la kunyowa kwa bala ndinali ndisanalipeze. Ndinasolola dikishonale m'chikwama, n'kuyamba kutsegula masamba ndikuyenda m'khonde.