Penti wa Milomo ya Wakuba

Amuna anga a Ghislain atamwalira, ndinapeza mpango m'thumba la jekete lawo. Unali ndi chidindo cha milomo ya mkazi, chofiira ngati chiwindi. Ine sindipaka kanthu m'milomo.

Ndinapita nawo kusitolo ya penti ku Rimouski, kumene amakusakanizira mtundu uliwonse umene wabweretsa.

"Mukapaka chiyani, mayi?" anafunsa wogulitsa.

"Zivundikiro za mahita otenthetsa m'nyumba, a m'munsi mwa khoma. Usaphonye, ndikufuna mtundu womwewu."

Ndinazimitsa magetsi, n'kuchotsa zivundikirozo, kuzipala dzimbiri, kuzipaka kawiri. Pabalaza ponse panazungulira mzere wa milomo ija.

Lachinayi anzanga atatu osewera nawo makadi anabwera. A Réjeanne anangoti ndapenga. A Solange anati penti ndi wokongola. A Huguette, a kwaya kutchalitchi, anabisa milomo yawo yofiira m'kamwa.

"A Huguette, taweramani pafupi ndi hitayo," ndinatero. "Ndikuona ngati pali chibale."

"Msana, anzanga. Sindingathe."

"Wayamba liti? A Ghislain ali moyo sunkavuta."

Ndinawakhazika pafupi ndi hita, n'kuitsegula mpaka kumapeto. Anatuluka thukuta masana onse, osapempha ngakhale madzi.

Lachinayi lotsatira a Huguette anabwera milomo ili mbuu, osapaka. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati wakuba ndamugwira. Kenako analowa a Solange, nawonso milomo ili mbuu.

Ghislain, galu iwe, uthokoze kuti unafa.