Kudumpha Katatu pa Benchi

Mkangano wa Kamphepo ndi Bulu unali utatha zaka zisanu ndi ziwiri osapezeka wopambana. Anthu ankatsutsana kometa tsitsi, m'mabasi, ngakhale pamaliro chapansipansi, kuti katswiri weniweni wa mpira wa basiketi pa awiriwa ndi ndani. Eni akewo analibe nazo ntchito, ankasewera timu imodzi, koma owatsatira ankachita kutulutsa mitsempha ya m'khosi. Adokotala a timuyo, mayi wamfupi wosakonda macheza pantchito, sankayankhapo. Akanati chiyani? Bulu anali mlongo wawo wamng'ono, wa bere limodzi, ndiye chilichonse chimene akananena anthu akanangoti magazi akulankhula.

Koma mumtima ankadziwa zambiri, chifukwa matupi onse awiri ankadutsa m'manja mwawo.

Kamphepo, abale inu, Mulungu anamupatsa mosayeza. Ulesi ndiye wosasimbika. Ankabwera kokonzekera masewera mochedwa, nsapato osamanga zingwe, n'kuyamba kudandaula za msana. Koma akangogwira mpira, holo yonse inkati zii. Akadumpha pamodzi ndi anzake, ena onse ankatera pansi iye akadali m'mwamba, akusankha dzanja loponyera. Ankapatsira mnzake mpira osamuyang'ana, mnzakeyo asanadziwe n'komwe kuti athamangira kumeneko. Adokotala ankamukwiyira sabata yonse, koma Loweruka unkawapeza ataimirira, chikwama cha mankhwala chitagwa pansi, akukuwa ngati wina aliyense.

Bulu analibe chilichonse cha zimenezo. Ali mwana mpira unkamupulumuka m'manja, mpaka mphunzitsi wake woyamba anamuuza kuti akayese zina. Dzinalo analitengera ku khama. Ankafika mlonda asanatsegule chitseko, n'kuponya mipira mazana asanu ataima pamalo amodzimodzi, moti utoto wa pansi pamalopo unasuluka. Bondo lake lakumanzere analing'amba kawiri kuchipatala, ndipo kawiri konse madokotala akuluakulu anati za mpira aiwale. Kawiri konse anabwerera. Achemwali akewo ndi amene ankauwongola mwendowo, iye ataluma thaulo, ndipo chipsera cha pabondopo ankachidziwa kuposa nkhope ya amuna awo.

Tsopano fainolo yolimbirana chikho inali itatsala masiku awiri. Kwa Bulu anali masewera otsanzikira, chifukwa zaka zinali zitapita, ndipo chikho chimenechi anali asanachigwirepo. Tsoka ilo, sabata ziwiri m'mbuyomo onse awiri anavulala m'masewera omwe analowera fainolowo. Kamphepo anabinya kakolo, n'kugubuduka mpaka kumunyamula anthu anayi. Bulu anagwa pansi pa ukonde, anadzuka yekha, anamaliza masewera, m'mawa mwake n'kubwera atamanga bandeji pabondo lakumanzere.

"Lomwe lija, achemwali," anatero.

Adokotala anachita mantha kwambiri. Sabata ziwiri zathunthu analigwira bondolo tsiku ndi tsiku, kulithowa, kulipinda, kuliwongola, ndipo anathokoza Mulungu poona kuti silikutupa.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo timu yonse inkalidziwa. Wovulala mwendo aliyense, asanaloledwe kusewera, ankakwera pabenchi yamatabwa, kuima ndi mwendo wovulalawo, n'kudumphira pansi katatu, kutera ndi mwendo womwewo. Ukatera bwino, akusainira fomu. Ukadzandira, masewera ukawaonera uli m'jekete. Analetsapo ngakhale mphwake wa mwini timu, ndiye panalibenso woyesa kuwanyengerera.

M'mawa woyesa miyendowo m'holo munali anthu atatu okha: Adokotala, aKochi, mphunzitsi wa timuyo, atanyamula mafomu awiri, ndi Bulu. Kamphepo anafika pambuyo monga mwa masiku onse, akusenda nthochi.

"Adokotala, kakoloka kakundipha," anatero. "Bwanji mungosaina osandizunza?"

"Kwera."

Anakwera nthochi ili m'manja. Anadumpha kamodzi, kawiri, katatu, osamveka ndi phokoso lomwe. Chimunthu chachitali chotero, kutera ngati mphaka. Adokotala anasaina akupukusa mutu. Zinkawapweteka kuti mphatso yotere inagwera munthu amene sankadziwa n'komwe komwe mlonda amasunga makiyi a holo, koma maso sanama, chinthucho chinali chokongola.

Kenako inafika nthawi ya Bulu. Anapinda mwendo wakumanzere wa buluku lake lalitali mpaka pamwamba pa bandeji, anakwera, anakweza phazi lakumanja. Di! Di! Di! Anatera katatu ngati mtondo, nkhope osasintha. AKochi anaomba m'manja. Adokotala misozi inalengeza m'maso, chifukwa mlongo wawo anali atapezanso njira pomwe panalibe njira. Anatenga fomu yachiwiri, anaika cholembera pamzere.

"Bulu, gwira."

Anali Kamphepo, ali pakati pa bwalo ndi mpira womwe anautola pansi. Anauponya mofewa, wodunda, chakumanja kwa Bulu pang'ono chabe. Unali mpira woti munthu angosuntha phazi lakumanja kamodzi n'kuugwira. Bulu sanasunthe phazilo. Anatembenuza thupi lonse ali chiimire pamwendo wakumanzere, anatambasula dzanja, koma mpira unamudutsa n'kukagunda khoma.

Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo Bulu anali asanaphonyepo mpira wochokera kwa Kamphepo, ndipo Kamphepo anali asanaponyepo pomwe mnzake sangafike.

"Wachita dala," Adokotala anatero, cholembera chikadali m'manja.

"Eya," Kamphepo anayankha, ndipo aka kanali koyamba kumuona osamwetulira. "Sabata ziwiri zonsezi wakhala akutsimphinira mwendo wolakwika. Amatsimphina bwino, inenso anandinamiza masiku atatu. Koma akamaponya, phazi lakumanja silikankha pansi. Nsapato yake ikulira mosiyana."

Adokotala anamuyang'ana pakamwa pali yasa. Munthu amene ankagona pamsonkhano wa timu, kumva kuvulala kwa mnzake m'kulira kwa nsapato, m'holo momwe mukulira nsapato makumi awiri. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo atazindikira tanthauzo lake. Wotsimphinira kumanzere amatsamira kumanja. Ndiye kuti sabata ziwiri, phazi lililonse lomwe anaponda pamaso pawo, Bulu ankasenzetsa thupi lake lonse bondo lakumanja lovulalalo, akumwetulira, akuwapatsa moni.

"Pinda buluku lakumanja."

"Achemwali, ndadumpha katatu. Mwaona nokha."

"Ndati pinda."

Anapinda pang'onopang'ono. Bondolo linali litatupa ngati papaya, khungu likunyezimira, ndipo analikulunga ndi nsalu yothina kuti lisaoneke m'buluku. Adokotala anagwada, analigwira ndi zala ziwiri zokha, n'kumva likutentha. Anachita manyazi kwambiri. Wosewera wina aliyense akanamuyeza miyendo yonse iwiri tsiku loyamba lomwelo. Koma bondo lakumanzere ndi lomwe linawasowetsa tulo zaka zonsezi, ndiye atangomva kuti lomwe lija, maso awo sanayang'anenso kwina. Mlongo wawo ankadziwa kuti zidzatero.

"Masewera amodzi okha," Bulu anatero motsitsa mawu. "Mphindi makumi anayi. Zikatha, mwendowu muchite nawo chilichonse chomwe mukufuna."

AKochi anakhosomola. "Adokotala, mwina titamubaya jakisoni wopha ululu, n'kumulowetsa chigawo chomaliza chokha…"

Adokotala anangowayang'ana, aKochi n'kuyamba kuwerenga fomu ya Kamphepo ngati muli nkhani yatsopano.

"Chabwino," Bulu anatero. "Lamulo lanu limati mwendo wovulala. Ndidumpha ndi umenewu."

Asanamuletse anali atakwera kale pabenchi, kutsogoza phazi lakumanzere. Anaponda ndi lakumanja, n'kukweza lakumanzere m'mwamba. Anaima. Adokotala anali ataona mabondo ambiri pa moyo wawo, ndipo ankadziwa kuti bondo limenelo silingasenze munthu, koma linamusenza. Thukuta linkatsika m'khosi mwake, ntchafu ikunjenjemera ngati ya wamalungo, koma msana unali chilili, maso ali kutsogolo. Kamphepo anagwira pakamwa. Akanakhalapo onse aja okangana m'mabasi, bwenzi atavula zipewa.

Adokotala ankamudziwa mlongo wawo. Akanadumpha ndithu, mwinanso akanatera kamodzi, chifukwa munthu ameneyu thupi linkamuopa. Koma kachiwiriko bondo likanatha, ndipo akanayendera ndodo moyo wake wonse. Ankadziwanso kuti akamuletsa, chikho chija sadzachigwira ali m'yunifolomu, ndipo mwina patenga zaka asanawakhululukire. Chiyambire ntchito anali asanaimitsepo wosewera amene wakwera pabenchi. Anayenda n'kukaima pamalo enieni oterera, mutu wawo ukulekeza m'mimba mwake.

"Ukadumpha uterera pa ine," anatero. "Ndipo ngakhale utatera katatu, sindisaina. Mwendo wina uja ndinakubwezera kawiri. Uwu sindikupatsa kuti ukautaye. Tsika."

Bulu sanawayang'ane. Anayang'ana ukonde, anayang'ana mipando yopanda anthu, nthawi yaitali ndithu, mwendo ukunjenjemerabe. Kenako anatsitsa phazi lakumanzere n'kuliika pathabwa. Adokotala anasuntha kuti amupatse malo, koma iye anangoima pomwepo, akuyang'ana pansi pomwe panali pafupi chabe, posafika ndi m'mabondo momwe.

"Tsika, iwe," anabwereza, mawu atafewa.

"Sindingathe, achemwali," Bulu anatero. "Ndigwireni dzanja."