Kalata Imene Ndinafufuta

Zaka makumi atatu ndinatayipa makalata pa ofesi ya fakitale ya mapepala, ndiye wina asandiuze ine za zala. Koma kompyuta, aa, ndinali ndisanaigwirepo. Ndinalembetsa maphunziro a oyamba kumene ku laibulale ya m'tauni mwathu pa chifukwa chimodzi basi: wophunzitsa anali Janelle, mkazi wa malemu mwana wanga Curtis. Chiikireni maliro zaka zitatu zapitazo, mkazi ameneyu sayankha foni yanga, ndipo mdzukulu wanga Piper ndimangomuonera patali m'sitolo. Loweruka la sabata imeneyo linali tsiku lobadwa la Piper. Nsapato zosewerera pa ayezi ndinali nditamugulira kale, ndipo ndinkafuna kukamupatsa ndi manja anga.

Inde, pamaliro paja ndinalankhula. Ndinati Janelle akanapanda kumuvutitsa za nyumba yatsopano, Curtis sakanayendetsa lole pa msewu woterera tsiku lija. Ndinanama ngati?

Ku laibulale kuja, Janelle atandiona ndikuvula chijasi pakhomo anachita tsinya.

"Mayi Halvorson, khalani pa kompyuta nambala 6."

Mayi Halvorson! Ngati si ine ndinkamuphikira msuzi wa nkhuku ali m'chikuta.

"Zikomo aphunzitsi," ndinatero mokweza kuti onse amve.

Tinalipo asanu ndi awiri, nkhalamba zokhazokha. Bambo wa pambali panga, Orville, ankanyamula mausi m'mwamba ngati rimoti ya TV. Ine ndinkamenya mabatani monga ndinazolowerera pa taipilaita, kha kha kha.

"Simukukhoma misomali apa," anatero Janelle. "Dinani pang'ono."

"Ndinayamba kutayipa iwe usanamere mano."

"Zikuoneka. Lekaninso kutsitsa mzere nokha, makinawa amatsitsa okha."

Anthu anaseka. Ndinapsa mtima koopsa, koma ndinameza malovu chifukwa cha Piper.

Kenako anati aliyense alembe kalata kwa munthu amene akufuna. Iye ali kalikiliki ndi Orville, ine ndinatulutsa za kukhosi: "Janelle, ndiwe njoka. Unandiphera mwana, tsopano wandibera mdzukulu. Piper akadzakula ndidzamuuza ndekha kuti mayi ake ndi munthu wotani." Mtima unakhala pansi. Ndinadetsa mawu onse ndi mausi monga anatiphunzitsira, n'kufufuta. Tsamba linangoti mbee. Kwa ine zinali ngati kung'amba pepala n'kuponya pamoto.

Apo ndiye ndinayamba kalata yeniyeni. "Wokondedwa Janelle, ndinalakwa." Ndinaiyamba ngati nyambo, ndisaname, koma pofika pakati misozi inali italengeza. Ndinalemba kuti ndinasowa womukalipira, poti imfa ilibe makutu. Ndinalemba kuti m'nyumba mwanga mwazizira.

Nditamaliza ndinafuna kukulitsa zilembo. Ndinadetsanso zonse, koma chigongono chinagunda batani. Kalata yonse balala, kunangotsala kachilembo kamodzi.

"Mayo ine! Chadya kalata yanga chinthuchi!"

Janelle anabwera akuusa moyo, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Palibe chatayika. Makinawa saiwala. Gwirani batani la pakonali, kenako mudine Z kamodzi. Kamodzi, mwamva?"

Kamodzi kwa chala chimene chinakulira pa taipilaita? Ndinakanikiza ndi mphamvu, osachotsa, kuopa kuti kalata ingathawenso. Inabweradi. Ndinamva Janelle akukoka mpweya ataona mzere woyamba uja. Koma chinthucho sichinaime. Chinayamba kumeza mawu kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kupepesa konse kunatha, tsamba linayera, ndipo mwadzidzidzi kalata ya njoka ija inatulukira. Ndinachotsa chala mochedwa.

Orville, chitsiru cha munthu, anavala magalasi n'kusuzumira.

"Njoka ndi ndani?"

"Inu khalani chete!" Ndinatembenukira kwa Janelle. "Iyo ndinafufuta. Yako ndi inayo, yopepesa ija. Waiona wekha!"

"Ndaona zonse ziwiri," anayankha. "Koma iyi ndi imene munayamba nayo."

Anawerama, n'kudina mabatani ena awiri mpaka kalata yopepesa inabwerera yonse, mawu ndi mawu.

"Mwaona nonse? Zimene mwabweza m'mbuyo mutha kuzipititsanso kutsogolo. Pa kompyuta zimatheka."

Anaisindikiza, n'kundipatsira m'manja ikadali yofunda. Sanaiwerenge.

"Mwakhoza, mayi Halvorson, mulibe cholakwika ngakhale chimodzi. Koma mwana wanga simudzamuuza kanthu. Loweruka musadzavutike."

Ndinafuna kumutukwana. Ndinavala chijasi n'kutuluka, pepala lili m'manja.

Nsapato zija zikadali m'buti ya galimoto. Chaka chamawa sizidzamukwana.