Galu wa Padenga

Galuyo analowa m'moyo wa a Hermelinda Cuautle kuchokera kumwamba, atakulungidwa m'bulangete, azibambo awiri ogulitsa gasi akumutsitsa ndi chingwe. Anali atakhala zaka zisanu ndi chimodzi padenga la nyumba ya a Fulgencio Tepox, tsidya la msewu, ndipo phazi lake linali lisanapondepo dothi. Kuno kumapeto kwa mzinda wa Puebla zimenezo si nkhani. Kagalu kakangosiya kuyamwa amakakweza padenga la simenti, pakati pa thanki yamadzi ndi zingwe zoyanikapo zovala, kenako n'kuchotsa makwerero. Kamakulira komweko, kamauwa komweko, ndipo kamatsika tsiku lomwe kafa.

A Fulgencio ndi akazi awo a Otilia anali atapita kumpoto kukaona mwana wawo, ati kwa miyezi iwiri. Anasiya mlamu wawo kuti aziponya matotiya ouma, timikate topyapyala ta chimanga, padengapo ndi kudzaza beseni, koma mlamuyo ndi munthu woti akalawa botolo amaiwala ngakhale khomo lakwawo. Patatha masabata atatu kuuwa kunasanduka kulira. Kulirako kutayamba kuchepa, a Hermelinda anatuluka n'kuimitsa galimoto ya gasi pakati pa msewu.

Anamutcha Pancracio. Kale analibe dzina, poti galu wa padenga umuitaniranji, angapite kuti?

Wina asakunamizeni kuti galu wopulumutsidwa amathokoza. Pancracio anthu ankawadziwira pamwamba pokha, zipewa ndi madazi, moti nkhope ya munthu inkamuopsa. Mlendo akalowa, iye ankayamba wakwera patebulo kuti amuuwe bwino kuchokera kumwamba. Ankakodzera pansi pa kashelefu ka zithunzi za oyera. Makombola akaphulika kutchalitchi, ndipo kutchalitchi kwathu kulibe sabata lopanda makombola, ankalowa kunsi kwa bedi n'kulinyamula ndi msana. Tsiku lina anadya ufa wokandakanda wa matamale makumi asanu, mikate ya chimanga yophikira m'makoko, malonda a tsiku lathunthu, n'kugona chagada pakhomo osachita ngakhale manyazi. A Hermelinda anamutukwana mpaka agogo ake, kenako anadzidzimuka kuti akuseka. Chimwalirire amuna awo, nyumbayo inalibe munthu woti n'kumukalipira, ndipo anali asakudziwa kuti zimenezo anazisowa chotere.

Chimene chinkawamvetsa chisoni n'kayendedwe kake. Pabwalo ankayenda mapazi khumi ndi awiri, n'kuima, n'kutembenuka, ngati kutsogoloko kuli phompho. Denga lija anali nalo m'mutu. Miyezi itatu yathunthu ankamukopa ndi chikopa cha nkhuku, lero phazi limodzi, mawa theka. M'mawa womwe anadutsa malire akewo n'kuthamanga mpaka pageti, a Hermelinda anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana. Kuyambira pamenepo ankapita nawo pakona ya msewu kukagulitsa matamale, n'kumagona kunsi kwa tebulo, mutu atautsamiritsa paphazi lawo.

A Fulgencio anabwerako patatha miyezi isanu ndi itatu. Lamulungu atatuluka ku Misa anagogoda, chipewa chili m'manja, chingwe chili m'thumba.

Munthuyu sanali mnansi wamba. Ndiye ananyamula mwana wa a Hermelinda pa ubatizo, ndiye anasenza bokosi la amuna awo mbali ya kumutu. Anali kompadire wawo, ndipo iwo anali komadire wake, kwa zaka makumi atatu. Mchimwene wako ukhoza kumutsekera chitseko, anthu amvetsa. Kompadire sumukaniza kanthu, sumukwezera mawu, ndipo akalakwa umamuuza mozungulira, utayamba wamupatsa mpando ndi khofi.

"Akomadire, Mulungu akudalitseni pondisungira galu," anatero a Fulgencio. "Mwamunenepetsatu ngati nkhumba ya ukwati."

"Sindinasungire munthu ine, akompadire. Ndinatola."

"Kutola padenga la mwini? Ndiye mawa mutola thanki." Anaseka okha. "Ndabwera ndi kangachepe, ndikufuna ndimange chipinda pamwamba. Zitsulo ndi simenti zafika dzulo. Popanda galu, akuba atuta zonse."

"Anatsala pang'ono kufera pamenepo."

"Zimenezo ndi za mlamu wanga, ndamulankhula kale. Padenga m'pabwino, akomadire. Pali kamphepo, pali mthunzi wa thanki. Galu akufunanso chiyani?"

A Hermelinda asanayankhe, Pancracio anawatsogolera. Atazindikira liwu la mlendoyo anatsika patebulo, ananunkhiza nsapato za a Fulgencio, n'kuyamba kugwedeza mchira thupi lonse likupotokola. Munthu amene sanamusisitepo ngakhale kamodzi. Zinawapweteka a Hermelinda kuposa mbama. Anangoima, manja ali m'thumba la epuloni, kumaonerera chingwe chikulowa m'khosi. Madzulo ake a Fulgencio ndi mlamu uja anamukokera padenga ngati thumba.

Lolemba lonse a Hermelinda anapirira. Pancracio anaima m'mphepete mwa denga kuyang'ana pageti pawo, osauwa, kumangolira chapansipansi. Anatseka zenera, anatsegula wailesi, koma ankamumvabe. Anakwiyira a Fulgencio, anakwiyira galu wopusayo, koma koposa onse anadzikwiyira okha chifukwa chopereka khofi.

Lachiwiri ndi tsiku la msika mumsewu wathu. Pofika teni koloko mahema amakhala atadzaza kuyambira patchalitchi mpaka pokwerera basi, ndipo aliyense wa m'derali amadutsapo. A Hermelinda sanaphike matamale tsikulo. Anavala diresi yawo ya ku Misa, anamangirira kampando kopinda kumsana ndi shawelo, n'kuwoloka msewu. Omanga anali atasiya makwerero atatsamira khoma. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, maondo awo ankalira ngakhale pokwera basi, koma anakwera, akutchula woyera mmodzi pa sitepe iliyonse. Atafika pamwamba anatambasula kampandoko m'mphepete penipeni poonekera, n'kukhala, manja atawapinda pamiyendo. Pancracio anawalumphira mpaka anatsala pang'ono kuwagwetsera pa hema wa nsapato.

Woyamba kuwaona anali a Cástula, mnzawo wakalekale wogulitsa tsabola.

"Herme, wakuyanika ndani pamenepo?"

"Ndabwera kudzacheza kwa akompadire anga," anayankha mokweza kuti amve ndi a kumapeto. "Kuno ndi kumene amaika amene amawasungira nyumba."

Kuseka kunayenda mumsika monse. A Fulgencio anatuluka sopo wometera ali tsaya limodzi.

"Akomadire, tsikani. Mukhoza kugwa."

"Ndili bwinobwino, akompadire. Munanena zoona, pali kamphepo. Mukangondiponyera matotiya awiri ouma madzulo, basi, sindivuta ine."

"Mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Ine? Ndangokhala pampando."

"Aponyereni ndi beseni, a Fulgencio," anatero a Cástula. "Koma musatume mlamu wanu."

Pamenepo ndi pamene a Fulgencio analakwitsa. Ndikhulupirira kuti sanaganize n'komwe, manja anangochita zimene anazolowera akasiya chinthu padenga. Anagwira makwerero, anawachotsa pakhoma, n'kuwagoneka pansi.

"Mukafuna kutsika mundiitane," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kuseka kunatha. Kusiya galu padenga aliyense mumsikamo anachitapo kapena anaonererapo. Koma munthu kuchotsera makwerero komadire wake, mayi wamasiye, atavala za ku Misa, zimenezo panalibe anazionapo. Azibambo awiri anafuna kuwaimikanso, koma a Hermelinda anawaletsa ndi dzanja.

"Asiyeni. Awachotsa eni nyumba, awabwezera eni nyumba."

Kunena kunali kosavuta. Pofika masana simenti inkawotcha mapazi kudutsa nsapato. Phiri lamoto la Popo linali litalavula phulusa m'mawa, ndipo kamphepo kotchuka kaja kankangowathira phulusalo m'maso ndi m'mano. Mthunzi wa thanki unali kachidutswa kosakwana thaulo, ndipo Pancracio, wosathokoza uja, anautenga wonse yekha. A Hermelinda anaona paipi yotafunidwatafunidwa pomwe galuyo ankafunafuna madzi, anaona kanjira kosalala kamene mapazi ake anakapera pasimenti kuchokera kona ina kufika kona ina. Mutu unayamba kuwazungulira. Anachita mantha, mantha enieni, kuti akomoka n'kugwera pansi, anthu n'kumadzanena kuti nkhalamba inafera galu wa eni. A Cástula anawaponyera botolo la madzi. Anamwa theka, theka anathira m'beseni.

Pansi anthu sankachoka. Ogula ankabwera, n'kuyang'ana m'mwamba, n'kufunsa, n'kuyang'ana chitseko cha a Fulgencio. Palibe ankatukwana. Ankangoyang'ana chitsekocho, ndipo munthu amene wakhala m'dera limodzi moyo wake wonse amamva maso ngakhale ali kuseri kwa khoma.

Itakwana fili koloko chitseko chinatseguka. Anatuluka ndi a Otilia, mayi wosalankhulalankhula, amene zaka zonsezi ankatumiza mbale ya nkhuku kwa a Hermelinda tsiku lililonse la phwando. Anadzutsa makwerero okha, akudzandira nawo, anawatsamiritsa pakhoma, n'kuima pambali kuyang'ana amuna awo. A Fulgencio anakwera.

Atafika pamwamba anagwira simenti ndi chikhatho kuti adzikoke, n'kuchichotsa msanga. Anaima akupuma mwabefu, akuyang'ana paipi ija, beseni, nkhope yofiira ya a Hermelinda. Analankhula motsitsa kuti a pansi asamve.

"Galu ndi galu, akomadire. Bambo anga ankasunga galu padenga. Amuna anu, Mulungu awapumitse, ankasunga galu padenga."

"Ankasunga. Ndipo ine ndinkamuponyera matotiya osakwerako n'kamodzi komwe. Lero ndakwera."

"Zaka makumi atatu, mukuzitaya chifukwa cha chinthu chodya zinyalala?"

"Sindikufuna kutaya kanthu. Ndikufuna Pancracio."

A Fulgencio anayang'ana msika wonse uli cheucheu m'munsimo.

"Mutengeni," anatero. "Koma mumve bwino. Mwandivula pamaso pa anthu. Galuyu akatsika, pakhomo panga musadzapondeponso, ndipo ine panu sindidzaponda. Kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro."

Sankaopseza. A Hermelinda ankamudziwa munthuyu, mawu ake sabweza. Anaganiza za tsiku lawo lomaliza, amene adzagwire bokosi mbali ya kumutu, mwana wawo ali kutali ku Monterrey. Anaganiza za a Otilia ali chiimire pansi paja atagwira makwerero. Zinali zowawa, ndipo panalibe njira yoti atenge zonse ziwiri. Akanatha kupinda kampando, kupepesa, n'kutsika okha, msika ukanaseka sabata imodzi n'kuiwala.

"Mumutsitse ndinu," anatero. "Osati ndi chingwe m'khosi. Mumunyamule."

A Fulgencio anawerama, anamuika Pancracio pamapewa, miyendo iwiri uku iwiri uku, n'kutsika naye pang'onopang'ono, makwerero akunjenjemera. Kenako anagwira makwererowo ndi manja awiri mpaka a Hermelinda anaponda pansi, poti ngakhale atakwiya chotani sakanalola mayi wachikulire agwe pakhoma pawo. Koma nkhope anayang'anitsa kumbali.

Panalibe anawomba m'manja. A Hermelinda anakonza diresi, anasasa phulusa pashawelo, n'kuima patsogolo pa a Fulgencio monga mwa nthawi zonse.

"Tsalani bwino, akompadire."

Anadikira. Kwa zaka makumi atatu mawu amenewo anali asanapitepo osayankhidwa. A Fulgencio ananyamula makwerero n'kulowa nawo kuseri. A Otilia anatsatira amuna awo, ndipo chitseko chinatsekedwa mwaulemu, popanda phokoso.

Misozi inatsika ndipo a Hermelinda sanaipukute, anadutsa nayo pakati pa mahema mutu uli m'mwamba. A Cástula anawagwira mkono n'kufunsa chapansipansi ngati zimenezi zinali zoyeneradi, galu mmodzi.

"Akamukwezanso mawa, mawa ndikweranso," anatero a Hermelinda. "Tiye kwathu, Pancracio."