Zikhatho za Pakhoma

Dotolo wa mano atalowa m'chipinda chodyera anapeza mwana wake wamkazi atagwada, burashi yochapira ili m'manja, akukwecha khoma. Madzi a m'ndowa anali atada kale. Kumbuyo kwa mwanayo kunaima achemwali ake a dotoloyo, manja ali m'chiuno.

"Kwecha ndi mphamvu. Popaka paja sunkatopa."

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a mkazi wake. Achemwaliwo anabwera kuti adzathandize kulera ana, koma tsiku lachiwiri makiyi onse a m'nyumbamo anali atalowa kale m'thumba mwawo.

Khomalo, kuyambira pansi mpaka polekeza chiuno cha munthu wamkulu, linali zikhatho zokhazokha, zofiira, zachikasu, zobiriwira, zina zopindika chifukwa mwinizo ankaseka podinda. Malemuyo anali ndi saluni yake, koma Lachitatu lililonse ankatseka masana, ngakhale makasitomala adandaule chotani. Akafika kunyumba ankakankhira tebulo pakona, kuyala nyuzipepala zakale, kuvula ana malaya, n'kusungunula utoto m'zivindikiro za mabotolo. Mapepala akatha, ankasamukira pakhoma. Dotoloyo pobwera madzulo ankayenda monyang'ama, atakweza miyendo ya buluku lake, n'kumafunsa ngati akulowa m'nyumba kapena m'khola. Mkaziyo ankangoseka, utoto uli pachipumi, n'kumuuza kuti sopo sanathe m'sitolo.

Tsopano zojambula zonse zinali m'thumba la zinyalala pakhomo, pamodzi ndi makoko a mazira. Achemwaliwo anafotokoza kuti opepesa maliro akubwerabe, ndipo sangalole kuti anthu aziti nyumba ya dotolo ikuoneka ngati mogona amisala. Mlamu wawo, anatero, anali munthu wabwino ndithu, koma sanakule.

Mtsikanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anasiya kukwecha atafika pa chikhatho chachikulu cha zala zazitali.

"Ababa, ichi tisiye. N'cha amayi."

Dotoloyo anatsegula pakamwa, koma achemwali ake anamutsogolera.

"Ukudziwa chimene chinapha amayi ako? Anali ndi tsiku lokaonana ndi adokotala chifukwa cha mutu uja. Sanapite. Iwe unalira kuti ukufuna kupenta, iwo n'kukhala. Matope akowa ndi amene awatengera kumanda. Kwecha."

Mwanayo anayang'ana bambo ake.

Dotoloyo ankadziwa mmene zinayendera. Lachitatu limenelo mkazi wake anamupempha kuti aweruke msanga, adzakhale ndi ana pa utoto wawo kwa maola awiri okha, iye athamangire kuchipatala. Dotoloyo anavomera. Itakwana nthawi, odwala anali atatha, koma atakumbukira za zala zonona zikumugwira malaya, anakhala pampando wake n'kumawerenga nyuzipepala. Foni inalira katatu, iye osaiyankha. Madzulo ananama kuti kunabwera munthu wa dzino lovuta. Mkaziyo anati palibe kanthu, adzapita sabata yamawa. Loweruka anagwa m'saluni, chipeso chili m'manja, osadzukanso.

Zimenezi palibe wina ankazidziwa. Mawu ochepa akanakwanira kumutula mwanayo katunduyo. Koma achemwali ake anali pomwepo, ndipo chimene iwo amva m'mawa, madzulo chimakhala chitafika kwa apongozi ake.

"Mvera azakhali ako," anatero, n'kupita kukasamba m'manja.

Ali kubafa ankamva burashi ikukwecha pang'onopang'ono. Mwanayo sanalire. Masana anakana kudya, azakhali ake n'kunena kuti njala ndiyo imawongola mwana wamwano. Pofika madzulo khoma linali mbee, kupatula timizere totuwa mmene pulasitala anakalika. Mlongo wa mtsikanayo, wa zaka zitatu, anayendayenda m'chipindamo akusisita khomalo, kenaka anafunsa ngati asamukira nyumba ina.

M'mawa mwake anakhala patebulo anthu anayi. Achemwaliwo anali atayala pulasitiki yatsopano ndipo ankalongosola za sukulu yogonera komweko imene imalandira ana aang'ono. Mtsikanayu, anati, akufunika manja olimba asanaonongekeretu. Dotoloyo ankangogwedeza mutu, maso ali m'kapu.

Wamng'onoyo pofuna kutenga buledi anagunda kapu ya mkaka ndi chigongono. Mkaka unayenderera patebulo. Azakhali ake anamumenya khofi kuseri kwa dzanja, n'kunyamuka kukatenga chiguduli kukhitchini, akung'ung'udza kuti ana oleredwa ngati nkhumba sasintha tsiku limodzi.

Wamng'onoyo anakoka mpweya kuti alire. Mlongo wake anasendera pafupi, zala zili zosupuka ndi sopo wa dzulo. Anaviika chala mumkakamo, n'kukokera mbali imodzi timizere tiwiri, kukhala mchira. Anatola kanyenyeswa ka buledi n'kukaika kutsogolo.

"Taona, bwana wamkulu, sunataye. Wapanga nsomba."

Mawuwo sanali ake. Ngakhale kapendekedwe ka mutu kanali ka mayi ake. Dotoloyo anali asanaonepo zimenezi, pakuti mkaka ukatayika iye ankadzuka patebulo nthawi yomweyo kuopa kuthimbiriza malaya. Wamng'onoyo anameza kulira kuja, n'kuwonjezera chipsepse ndi chala chake chonenepa.

Achemwaliwo anabwera ndi chiguduli. Dotoloyo ananyamula kapu yake kuti chidutse bwino. Achemwaliwo anapukuta kamodzi kokha, tebulo n'kuuma.

Wamng'onoyo anakokanso mpweya kuti alire. Mtsikanayo anamugwira dzanja lomenyedwalo pansi pa tebulo, n'kumunong'oneza kukhutu.

"Yamira. Yapita kukaitana anzake."